Mabuku otseguka afika, koma a ku Chongoni tisamangolandira

Buku lanu la sayansi limanena kuti madzi amawira akafika pa madigiri 100. Koma mutatenga choyezera kutentha n'kuchiviika mumphika wa madzi owira pa Dedza boma, sichingafike pa 100. Chiima cha m'ma 95. Chifukwa chake n'chakuti tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuyerekeza ndi nyanja zamchere, ndipo munthu ukamakwera, mpweya umene umakupsinja kuchokera kumwamba umanka nuchepa. Mpweyawo ukachepa mphamvu, nthunzi sivutika kuthawa m'madzi, ndiye madzi amawira asanatenthe kwenikweni. Mamita 300 aliwonse amene wakwera amachotsa pafupifupi digiri imodzi. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kwathu kuno kusiyana ndi ku Nsanje, ndipo nkhuni zimatha zambiri.

Ndiye kuti buku linanama? Ayi. Limanena za malo otsika, ofanana ndi m'mphepete mwa nyanja zamchere, ndipo mabuku ambiri amatchula zimenezi, kungoti ife timadumpha pothamangira kuloweza. Vuto lenileni lili pena. Mphunzitsi wa ku Linthipe kapena ku Mayani atafuna kutenga mutu wonsewo, kuikamo chitsanzo cha nyemba za ku Dedza, kumasulira ndime zovuta m'Chichewa, kenako n'kusindikiza makope 200 ogawira sukulu zoyandikana, lamulo silimulola pokhapokha mwini buku atavomera. Bukulo ndi lotseka. Ungaliwerenge, ungalibwereke, koma sungalisinthe n'kuligawa.

Alipo mabuku, mavidiyo, zithunzi ndi mafunso oyeserera amene eni ake anavomereza kale kuti aliyense achite zimenezi. M'Chingerezi amawatcha Open Educational Resources, mwachidule OER. Ife tingoti zipangizo zophunzirira zotseguka. Maganizo anga ndi akuti sukulu za ku Chongoni ndi Dedza yense ziyambe kuzigwiritsa ntchito panopa, osadikira tsiku limene magetsi ndi intaneti zidzafike pakhomo lililonse. Koma tikangokhala anthu okopera za ena basi, tataya theka la phindu lake. Theka linalo lili pa kulemba zathu.

Chaulere ndi chotseguka n'zosiyana

Pa magulu a WhatsApp a ophunzira pamayenda zinthu zambirimbiri: manotsi, mapepala a mayeso akale, ngakhale mabuku athunthu amene wina anachita kujambula tsamba ndi tsamba ndi foni. Zonsezi mumazipeza ulere, koma ulere si kutseguka. Buku limene lajambulidwa mwini wake osadziwa ndi lakuba, ngakhale wakutumiziraniyo ali mnzanu wa pondapanepondepo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ntchito za alembi ndi oimba, limene linakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limaliyang'anira. Za likasa ndiye tisachite kunena. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anali ataonedwa kale, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021.

Chotseguka chimadziwika ndi chilolezo. Katswiri wina wa zamaphunziro wa ku America, David Wiley, anandandalika zinthu zisanu zimene chilolezocho chiyenera kukupatsa: kusunga kope lakolako, kuligwiritsa ntchito paliponse, kulisintha, kuliphatikiza ndi zina, ndiponso kugawira anzako, kaya loyamba lija kaya losinthalo.

Nanga mungachizindikire bwanji? Yang'anani kumunsi kwa tsamba kapena kuseri kwa chikuto. Mukaona zilembo CC zili m'kamzere kozungulira, chimenecho ndi chilolezo cha Creative Commons, bungwe limene linayamba mu 2001 n'kutulutsa zilolezo zake zoyamba mu 2002. Pambali pake pamakhala zilembo zina. BY akutanthauza kuti utchule mwini wake. SA akuti ukasintha, nawenso ugawe pa chilolezo chomwecho. NC akuti usachitire malonda. ND akuti gawa koma usasinthe kanthu. Womalizayu musamale naye, chifukwa ndi chitseko chotsegula theka: buku la ND simungalimasulire m'Chichewa n'kuligawa.

Ganizoli linakula mu 2001 pamene yunivesite ya MIT ku America inalengeza kuti iyamba kuika zipangizo za maphunziro ake pa intaneti kuti aliyense aziona. Dzina loti OER linabadwira pa msonkhano wa UNESCO ku Paris mu 2002, ndipo mu Novembala 2019 mayiko a m'bungweli anagwirizana mfundo zolimbikitsa maboma kuthandiza ntchitoyi. Pafupi nafe pompa, ku South Africa, ophunzira a pa yunivesite ya Cape Town motsogozedwa ndi Mark Horner anayamba mu 2002 kulemba mabuku a sayansi a ku sekondale mongodzipereka. Ntchito imeneyo ndi imene inadzabala Siyavula, amene ali ndi mabuku otseguka a masamu, physics ndi chemistry. Kulinso OpenStax wa ku yunivesite ya Rice, amene anayamba mu 2012, ndi PhET, amene anayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman, munthu amene analandira mphoto ya Nobel ya physics mu 2001. Pa PhET mumatha kulumikiza mawaya, mabatire ndi mababu pa kompyuta n'kuona mmene magetsi akuyendera.

Chifukwa chake zimatheka

Kumudzi moto ukazima, mwana amatumidwa kukapala kwa oyandikana nawo. Wopalidwayo sadandaula, wake umayakabe, ndipo nyumba ziwiri zaphika. Nsima siili choncho. Mtanda umene wadya mnzako, iwe sudyanso. Buku la pepala lili ngati nsima: likakhala m'manja mwa wina usiku uno, ena nonse amene mukulidalira mugona osawerenga. Buku la mufoni kapena mu kompyuta lili ngati moto. Kulikopera sikuchotsa kanthu kwa mwini wake, ndipo kope la nambala 1,000 limafanana ndendende ndi loyamba, chifukwa makina amangobwereza mndandanda womwewo wa ma 0 ndi ma 1.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chilembo chimodzi chimatenga malo a baiti imodzi. Tsamba la zilembo 2,000 ndi makilobaiti awiri. Buku la masamba 300 la mawu okhaokha ndi makilobaiti 600, osafika ndi megabaiti imodzi yomwe. Tiikemo zithunzi ndi zojambula, tinene kuti lafika mamegabaiti 20. Kamemore khadi ka magigabaiti 8 kali ndi malo a mamegabaiti pafupifupi 8,000. Gawani 8,000 ndi 20, mupeza 400. Mabuku 400 m'kanthu kochepa ngati chikhadabo! Mavidiyo ndi amene amadya malo ndi bandulo: ya mphindi khumi yokha ingathe kuposa buku lathunthu. Choncho amene bandulo yake ndi yoperewera ayambe wakopera zolembedwa, mavidiyo pambuyo.

Chinanso, kukopera kumafunika kamodzi kokha. Munthu mmodzi akapita pamene pali netiweki yabwino n'kukopera, ena onse atha kulandira kwa iye monga mmene mumapatsirana nyimbo pa Bluetooth, popanda kuwononga tambala. Alipo mapulogalamu amene anapangidwira zimenezi. Kiwix amasunga Wikipedia kuti uziwerenga popanda intaneti. Kolibri ndi RACHEL amaikidwa m'kakompyuta kakang'ono kamene kamafalitsa Wi-Fi yakeyake pasukulu, mafoni ndi matabuleti n'kumalumikizako. Kakompyuta kotero sikafuna magetsi ambiri, sola ndi batire zimakwanira.

Malawi sanayambe lero

Ena amaona ngati kuphunzira kunja kwa kalasi ndi zachilendo zobwera ndi mafoni. Funsani agogo anu. Mu 1965 boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College kuti amene sanapeze malo ku sekondale aziphunzira kudzera m'makalata ndi pa wailesi. Mu 1987 inasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE. Malo amene ophunzira ake ankakumanirana, ma DEC, ndi amene mu 1998 anasandulika ma CDSS. Ngati muli pa CDSS, sukulu yanu kapena inzake yapafupi mwina inayamba choncho. Lero tilinso ndi sukulu za open, zimene zimalowa masana ena akaweruka, m'makalasi omwewo.

Pano pali mawu awiri ofanana amene tisawasokoneze. Sukulu ya open imatsegula chitseko cha kalasi kwa amene sanasankhidwe, amene anasiyira panjira, mtsikana amene wabwerera atabereka, bambo amene akufuna kukonza mapointi ake. Zipangizo zotseguka zimatsegula buku. Koma ziwirizi zimafunana. Wa open amakhala ndi mphunzitsi maola ochepa, mphunzitsinso atatopa kale ndi makalasi a m'mawa. Ndiye amene akufunika kwambiri buku lakelake loti awerenge payekha ndi iyeyo. Kumuseka kuti ndi wa open n'kupanda nzeru, pakuti mayeso a MANEB ndi amodzi, ndipo pepala silifunsa kuti unkalowa m'kalasi nthawi yanji.

Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo oyamba kubwerera anabwerera mu Seputembala. Boma linayesa kuphunzitsa a pulayimale pa wailesi ndi a sekondale pa intaneti. Amene anali ndi foni, magetsi ndi netiweki anapitiriza. Ambiri a kumudzi anangokhala. Phunziro lake n'lakuti kuika zinthu pa intaneti pakokha sikufikitsa maphunziro kwa mwana wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Zimafunika zikhale zoti munthu angazikopere, kuzisindikiza ndi kuzisunga, mliri usanabwere.

Za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, mwamvapo. Atasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anapeza mu kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale buku lotchedwa Using Energy, ndipo zithunzi zake zinamutsogolera kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Anthu amakonda kukamba za nzeru zake, ndipo n'zoona, anali nazo. Koma taganizirani mbali inayi: bukulo linali limodzi, la Chingerezi chimene iye ankavutika nacho, ndipo analipeza mwamwayi. Ndi ana angati anzeru ngati iye amene mwayiwo sunawagwere? Maphunziro a dziko sayenera kudalira mwayi.

Zimene otsutsa akunena

Wina ati, “Zonsezi n'za m'tauni, kuno magetsi ali kuti?” Funsoli n'lomveka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkaunikira magetsi. Sukulu zambiri zimaletsanso mafoni, ndipo zili ndi zifukwa zake. Pakhomo pakakhala foni imodzi, kawirikawiri imakhala m'thumba mwa bambo kapena mchimwene, mtsikana ali kumadzi kapena kunkhuni. Tikadalira mafoni a ophunzira, olemera apita patsogolo, osauka ndi atsikana atsala. Koma apa ndi pamene chilolezo chimagwira ntchito. Buku lotseguka mutha kulisindikiza. Mutu umodzi wa masamba khumi utha kupita pa fotokope ya pa tredingi senta masana dzuwa likuswa mtengo, popanda kuopa aliyense. Ndiye zipangizozi zizikhala pasukulu, papepala kapena pa makina a sukulu, pamene aliyense angazifikire mofanana.

Wachiwiri ati, “Mabuku amenewo satsata silabasi yathu.” N'zoona ndithu. Silabasi yathu imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, pomwe Siyavula amatsata ya ku South Africa, ndipo mabuku ambiri a OpenStax analembedwera ophunzira a ku koleji ku America. Wowerenga buku lotero kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza ataya nthawi pa zimene sizidzabwera pamayeso. Njira yake ndi kugwira silabasi kudzanja limodzi, n'kumatola mitu yokhayo imene ikugwirizana. Malamulo a Newton ndi amodzi ku Cape Town ndi ku Dedza. Chosiyana ndi ndondomeko ndi zitsanzo, ndipo zimenezo ndi zimene chilolezo chikutilola kusintha. A ku Bunda College anachitapo zimenezi: aphunzitsi awo, mothandizana ndi OER Africa, anatola zipangizo zotseguka za kwina n'kusokerera buku lawolawo la Communication Skills logwirizana ndi ophunzira awo.

Wachitatu ati, “Za pa intaneti n'zabodza.” Zina n'zabodzadi. Koma buku losindikizidwa nalonso limalakwitsa, ndipo cholakwikacho chimakhala momwemo mpaka bukulo litang'ambika. Lotseguka lingakonzedwe. Inuyo khalani ndi chizolowezi chofunsa mafunso atatu: walemba ndani, analemba liti, ndipo buku lina likuti chiyani pa nkhani yomweyo? Zikasemphana, funsani aphunzitsi. Safunsa anadya phula. Ngati n'zoti mutha kuyesa nokha, yesani, pakuti sayansi ndi imeneyo.

Wachinayi ndi amene ali ndi mfundo yolemera: “Nanga wolemba adya chiyani?” Kulemba buku labwino kumatenga miyezi, ndipo Amalawi amene amalemba mabuku a sukulu ali ndi mabanja. Sindikunena kuti awalande. Amene walemba ndi ndalama zake ali ndi ufulu wogulitsa, ndipo ife tizigula, osaba. Chimene ndikunena n'chakuti buku, manotsi kapena pulogalamu ya pa wailesi imene yalembedwa ndi ndalama za misonkho, kapena za mabungwe othandiza sukulu za boma, izituluka ndi chilolezo chotseguka. Wolembayo alipidwe bwino pa ntchito yake, kamodzi, kenako chinthucho chikhale cha tonse. Makolo anu analipira kale kudzera pa msonkho wa sopo ndi mayunitsi. Alipirenso kachiwiri chifukwa chiyani?

Pali chinthu chimodzi chimene ndikugwirizana ndi otsutsa kotheratu. Zipangizo zotseguka sizilowa m'malo mwa mphunzitsi kapena labotale. Pa PhET waya sakutentha chala, ndipo manja saphunzira kuthira asidi dontho limodzilimodzi poonera vidiyo. Nsima ya pachithunzi siikhutitsa. Pasapezeke wina wonena kuti popeza ana ali ndi matabuleti, labotale ya pa CDSS ingadikire. Tizifuna zonse ziwiri.

Sayansi imene ili pakhomo pathu

Tsopano theka lina lija. Mu 2006 UNESCO inaika Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi chifukwa cha zojambula za pamiyala. Pali malo 127 m'dera la masikweya kilomita 126, ndipo odziwika kwambiri ndi Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati ndi za Akafula kapena kuti Abatwa, anthu amene ankakhalira kusaka ndi kutola zakutchire. Zoyera ndi za alimi, makolo a Achewa, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali, gule, maliro ndi kupempha mvula. Mu 1972 katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba pa Mwana wa Chencherere. Zambiri zimene zinalembedwa za malowa zili m'Chingerezi, m'mabuku amene mwana wa m'midzi yozungulira phirilo sanawaonepo.

Koma taonani chemistry imene ili pamiyalapo. Utoto wofiira ndi wa dothi kapena mwala wokhala ndi iron oxide, Fe2O3, m'bale wake wa dzimbiri limene limadya khasu losiyidwa pamvula. Chifukwa chiyani sunafufuke zaka zonsezi, pomwe chitenje chimafufuka chaka chimodzi? Chitsulo chimene chili mu utotowo chinagwirizana kale ndi oxygen, ndiye mpweya ulibenso chochita nacho, ndipo dzuwa siliuphwanya monga limachitira ndi utoto wochokera ku zomera. Woyera ndi wa dothi loyera limene limakhala pamwamba pa mwala, choncho sulimba ngati wofiira. Ojambulawo ankasankhanso malo a pansi pa matanthwe, pamene mvula siwomba. Zimene zimawononga lero ndi utsi wa moto, kuthira madzi kuti chithunzi chioneke bwino, mafuta a m'manja mwa ogwiragwira, ndi anthu olemba mayina awo ndi makala. Mutu wonse wa oxidation uli pamenepo, ndipo wolemba wa ku Texas sangauike m'buku lake chifukwa sanafikeko.

Zitsanzo zina zili m'munda ndi kukhitchini. Chiwawu chimene chimapsereza mbatatesi ndi tomato nyengo yozizira ndi yachinyezi chimayamba ndi kachilombo kotchedwa Phytophthora infestans, komweko kamene kanabweretsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira mu 1845. Madzi ofiira a chidede amagwira ntchito ngati litmus: mukathiramo mandimu amafiira kwambiri, mukathiramo chidulo amasanduka obiriwira moderako, chifukwa mandimu ndi asidi pomwe chidulo ndi base. Utoto wa mtundu womwewo, anthocyanin, ndi umene umafiiritsa masamba anthete a mitengo ya mombo ikamaphukira dzinja lisanafike. Ndipo ngati mumadabwa kuti bwanji mu Juni kuno timanjenjemera pomwe a ku Salima ali pa malaya okha, yankho ndi lakuti mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene wakwera, ndipo Dedza ali pamwamba pa nyanja ya Malawi ndi mamita oposa 1,000.

Ndani alembe zimenezi m'Chichewa chomveka, ndi zithunzi zake, ngati si inu ndi aphunzitsi anu? Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Ya Chichewa ili ndi zongopitirira pang'ono 1,000, chonsecho olankhula chinenerochi ndi mamiliyoni, ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Palibe mlendo amene adzabwere kudzatidzazira. Ena amati kulemba sayansi m'Chichewa n'kutaya nthawi popeza mayeso ndi a Chingerezi. Ine ndikuti yesani kufotokozera mng'ono wanu wa Sitandade 7 za mpweya wopsinja m'Chichewa. Pamene mukakamire ndi pamene simunamvetse, mumangoloweza. Mukatha kufotokoza, Chingerezi cha pamayeso sichikuvutaninso, chifukwa mukudziwa chimene mukunena.

Pali zina zosatsegula

Apa tisamale, amangwetu. Moto wopala kwa oyandikana nawo ulipo, koma akulu amanenanso za kupala moto kudambwe. Zina mwa zojambula zoyera za ku Chongoni zili ndi matanthauzo amene anamkungwi ndi akulu a gule amasunga, ndipo amauza okhawo amene nthawi yawo yakwana. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma kulemekezedwako sikunasandutse zinsinsi zake kukhala za aliyense. Kaya inu mumapemphera kuti, kaya mumauona bwanji mwambowo, mfundo ndi imodzi: chilolezo chotseguka amapereka ndi mwini chinthu. Sungatsegule chimene si chako. Tikamadana ndi kuba buku la wolemba wa ku Blantyre, tidanenso ndi kuba nzeru za agogo a ku Mphunzi.

Choncho mukafuna kulemba zimene mkulu wina wakuuzani, kaya za mankhwala a zitsamba, kaya za mmene ankadziwira kuti mvula yayandikira, mufotokozereni kuti zikafika kutali ndipo sizidzabwezedwa. Akavomera, m'tchuleni monga mwini nzeruzo, ngati iye akufuna kutchulidwa. Akakana, zathera pomwepo. N'chimodzimodzi ndi zithunzi za anthu: osajambula munthu n'kumuika pa intaneti iye osadziwa. Mukapita ku miyala, pitani ndi oyang'anira malowo, ndipo musagwire, musanyowetse, musalembepo.

Poyambira

Sizifuna pulojekiti ya mamiliyoni. Kalabu ya sayansi ya pasukulu panu itenge silabasi ya Fomu 3, isankhe mutu umodzi umene ambiri amalephera. Mmodzi amene ali ndi mwayi wa netiweki, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi m'bale wa ku Lilongwe, akopere mutu womwewo kuchokera ku Siyavula kapena OpenStax, ataona kaye kuti chilolezo chake chikulola kusintha. Muufupikitse, muchotse zimene sizili m'silabasi, muikemo zitsanzo za kuno, ndipo pambali pa mawu ovuta mulembe kufotokoza kwa Chichewa. Aphunzitsi a phunzirolo auwerenge n'kukonza. Pamapeto lembani kumene mwautenga, mayina a amene mwagwira ntchitoyo, chaka, ndi chilolezo chimene mwaikapo. Sindikizani makope angapo a mulaibulale, lina mupatse a open, lina mutumize ku sukulu yoyandikana nayo, ndipo muwapemphe kuti iwo achite mutu wina akupatseni.

Sukulu khumi zitachita mitu iwiri pa teremu, pakutha pa chaka pali mitu 60. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma masamu awa ndi osavuta. Ndipo ngati pasukulu panu pali choyezera kutentha chimene chimafika pa madigiri 110, yambani ndi chimenecho: wiritsani madzi, yezani katatu, lembani zimene mwapeza pamodzi ndi dzina la malo ndi tsiku, kenako funsani anzanu a ku Mtakataka, kumunsi kwa mapiri, kuti iwo apeza zingati.